Tsiku Limene a Chakhaza Anafupa pa Ayezi

A Overtone Chakhaza anamvera m'shopu mwawo momwe, sipanala ili m'manja, kuti mwana wawo ndi wamasiye.

Linali Loweruka la kumayambiriro kwa Disembala, sinowo yoyamba itangogwa, tsiku limene munthu aliyense wa mu Brampton, tauni ya pafupi ndi Toronto, amakumbukira nthawi imodzi kuti galimoto yake ilibe matayala a nyengo yozizira. Mzere wa magalimoto unachita kufika kumsewu. Mzungu wina wamtali, podikira kuti amumangire matayala, anatsamira kauntala n'kumayang'anitsitsa chithunzi chimene a Chakhaza anapachika pakhoma. Pachithunzipo panali mtsikana atavala zida zonse za goloboyi wa hoke, masewera aja othamangitsana ndi ndodo pa ayezi, chisoti chili m'khwapa, mano onse ali pamtunda.

"Mwana uyu ndikumudziwa," anatero mzunguyo m'Chingelezi. "Ndi goloboyi wa timu ya mwana wanga. Ndi uja akuleredwa ndi Natalie. Mayi ameneyo ndi wamtima wabwino, kutenga mwana wopanda makolo n'kumamusunga ngati wake! Nanga inu chithunzichi munachipeza bwanji?"

Abale inu! A Chakhaza anangoti kukamwa yasa. Iwo, Overtone Chakhaza wa kwa Ganya ku Ntcheu, munthu wopuma bwinobwino, amene mwanayo anamusintha matewera ndi manja awo omwe, lero aikidwa m'manda ali chiimire. "Ndine bambo ake," anatero, koma mawuwo anatuluka monyentchera ngati akupempha chilolezo. Mzungu uja anafiira mpaka m'makutu, napepesa kasanu konse. Kupepesako sikunathandize kanthu. Tsiku lonse a Chakhaza anamanga matayala mtima uli kwina.

Kunena chilungamo, mzunguyo sanalakwe kwambiri. Sungeni anayamba hoke ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, tsopano anali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo nthawi yonseyo bambo ake anali asanapondeko ku bwalo la ayezi. Hoke imaseweredwa nyengo yozizira, matayala nawo malonda ake ndi nyengo yozizira yomweyo. Munthu ungadzing'ambe pakati? Mayi ake, a Kettie, ankasamalira okalamba ku North York, ndipo Loweruka ndi Lamlungu kawirikawiri ankakhala ali pantchito. Ndiye amene ankanyamula Sungeni kupita naye kumasewera anali Natalie wa nyumba yoyandikana nayo, amene mwana wake Angela ankasewera timu yomweyo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, inde, koma akuluakulu aja sananene kuti mpaka mnzakoyo amulengeze maliro.

Madzulo ake, akudya, a Chakhaza anafunsa mwana wawo.

"Sungeni, kodi ku hoke kwanuko anthu amati ine ndinafa?"

Sungeni, monga ana ambiri obadwira kuno, Chichewa ankachimva bwinobwino koma ankayankha m'Chingelezi, n'kuthiramo kamawu kamodzi ka kwathu akafuna.

"Ena amaganiza choncho, adadi."

"Ndiye iwe suwauza?"

"Poyamba ndinkawauza. Akandifunsa kuti nanga ali kuti, ndinkati ali kuntchito. Kenako ndinatopa. Kungokhala chete n'kosavuta."

Sanalankhule mokwiya ayi, ndipo chimenecho ndicho chinawapweteka kwambiri. Chikanakhala chipongwe akanamukalipira, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma mwanayo anangonena ngati akunena za nyengo, n'kupitiriza kudya. A Kettie anawaponyera diso amuna awo. Kuyambira madzulo amenewo a Chakhaza anafuna chinthu chimodzi chokha pansi pano: kuti mwana wawo awaloze pamaso pa anzake, anene ndi pakamwa pake kuti awa ndi bambo anga.

Tsono munthu wa kwathu akafuna kudziwika pa masewera amatani? Sakhala pa benchi n'kumaomba m'manja ngati wina aliyense. Amaika chikho. Kwa Ganya, a Chakhaza akukula, mwini golosale kapena mwini chigayo akafuna dzina ankagula chikho ndi mipira iwiri, midzi n'kuswana mwezi wathunthu, tsiku lomaliza iye n'kukhala pampando wandalema pamthunzi, akumutcha mlendo wolemekezeka. Maganizo amenewa atamufotokozera mnzawo Boniface, Mzambiya wa ku Chipata wogwira ntchito pa famase ku Etobicoke, iye anachita kuwagwira chanza ndi manja awiri.

"Ndiye nzeru izo, a Chakhaza! Manje azakudziwani onse, na azungu omwe."

Mwayi wake, Natalie anali mu komiti yokonza mpikisano wa m'chigawo, umene matimu a atsikana ochokera ku Brampton, Etobicoke, North York ndi matauni ozungulira ankalimbirana chikho mwezi wa Malichi, ndipo komitiyo inkasaka mabizinesi a m'deralo oti athandize. A Chakhaza anapita kukagogoda atavala jekete. Anayamba ndi kumuthokoza Natalie chifukwa cha zaka zonse zija, kenako ananena kuti mpikisano wa chaka chino autenga iwo. Natalie anasangalala mpaka kuwakumbatira. Anawauza kuti dzina la shopu yawo lidzalembedwa pa mpanda wa bwalo, lidzatchulidwa pa chimkuzamawu, ndipo iwo ndi amene adzaveke ana mamendulo.

"Nanga zolankhula mwandipatsa mphindi zingati?" anafunsa a Chakhaza.

"Zolankhula ziti?"

"Za mlendo wolemekezeka."

Natalie anaseka poyesa nthabwala. Ataona kuti bambowa nkhope ili gwa, anawafotokozera mwaulemu kuti bwalo la ayezi amachita kubwereka pa ola, ndipo iwo akangomaliza pamalowa ena. A Chakhaza anabwerera kwawo akupukusa mutu. Mwambo wanji wopanda zolankhula? Masamba anayi amene anali atalemba kale, oyamba ndi kulonjera wapampando ndi ena onse motsata maudindo awo, anangowaika m'dilowa.

Sungeni atamva nkhaniyi sanalumphe ndi chimwemwe monga bambo ake ankayembekezera. Anawayang'ana mokayika.

"Mubwera ndi anthu angati?"

"Ochepa chabe, mwanawe."

"Adadi, ndimakudziwani. Pa tsiku langa lobadwa munati ochepa, anthu anakhala mpaka pa masitepe. Ndiye mverani. Ng'oma ayi. Nsalu yosindikiza nkhope yanu ayi. Kuimba dzina langa ayi. Chimene makolo ena akuchita, inunso muchite chomwecho, basi."

A Chakhaza analonjeza dzanja lili pamtima. Kenako analemba kauthenga pa gulu la pafoni la Amalawi ndi Azambiya, kongodziwitsa chabe.

Mpikisano unayamba Lachisanu. Timu ya a Sungeni inapambana Lachisanu, inapambananso kawiri Loweruka, n'kufika mu ndime yomaliza, yokumana ndi timu ya ku Etobicoke Lamlungu masana. Masiku awiri oyambawo a Chakhaza sanapiteko. Mlendo wolemekezeka saoneka pa ndime zachipulula, amasungidwira tsiku lalikulu.

Lamlungu lija anthu ochepa aja anafika molunjika kuchokera kutchalitchi, ndipo anapitirira makumi anayi. A Kettie anali atasinthana tsiku ndi mnzawo kuntchito. Boniface anabwera ndi banja lonse. Panalinso mayi Mathilda, mtsogoleri wa amayi kutchalitchi, amene ukwati uliwonse wa Amalawi mu Toronto muno suyesedwa ukwati ngati nthungululu yawo sinamveke. Atangolowa, azimayi anayamba kudandaula kuti m'nyumba mungazizire bwanji kuposa panja, n'kumasilira azungu amene anabwera ndi mabulangete. A Chakhaza, atatchena suti yotuwa ndi nsapato zosongoka zonyezimira, anawasonkhanitsa onse pakhomo.

"Abale anga, pano ndi kwa eni. Lamulo ndi limodzi: tiziona eni ake. Akaomba m'manja, tiombe. Akakhala pansi, tikhale. Mwana wandipempha."

Onse anavomera, nakakhala malo amodzi m'mbali mwa bwalo, atapatsidwa timbendera tobiriwira ta timu ya Brampton. Pakati pa oonerera ndi ayezi panali mpanda wa matabwa, pamwamba pake galasi lalitali lotchinga, ndipo pa mpandapo, tsidya linalo, panali zilembo zofiira zikuluzikulu za dzina la shopu yawo. A Chakhaza ataliona dzinalo mtima unachita kuti myaa.

Tisabise, zigawo ziwiri zoyamba za masewerawo a Chakhaza sanaonere kwenikweni. Anajambula dzina lawo kuchokera kumanja, analijambulanso kuchokera kumanzere. Anazungulira kupereka moni mzere ndi mzere, mpaka kwa azungu osawadziwa. Anawafotokozera anthu awo malamulo a hoke amene iwo eni sankawadziwa. Komanso kaphale kakuda ka labala kamene ana amalimbiranako kankathamanga moti munthu wosazolowera ankangomva phokoso, osakaona. Sungeni, ataima pagolo ndi zida zake zonse, ankangooneka ngati mtolo wa matilesi woyenda.

Koma gulu lawo linasunga mwambo, ndipo pamenepo tiwayamikire. Angela, mwana wa Natalie uja, atagoletsa chigoli choyamba, azungu anaimirira n'kuomba m'manja, Amalawi nawo anaimirira n'kuomba m'manja. Atagoletsa chachiwiri, chimodzimodzi. Mayi Mathilda anameza nthungululu ziwiri zathunthu mpaka misozi kulengeza m'maso. A ku Etobicoke nawo sanabwere kudzaseka ayi, anabweza zonse ziwiri, ndipo chigawo chomaliza chinayamba matimu ali ndi zigoli ziwiriziwiri.

Kutatsala mphindi zisanu ndi imodzi, Angela anazemba adani awiri, nakaponya kaphale kaja muukonde kachitatu.

Ku hoke kuli mwambo wake. Wosewera mmodzi akagoletsa katatu m'masewera amodzi, oonerera amavula zipewa n'kuziponya pa ayezi pomulemekeza, antchito n'kuzitola, masewera n'kupitirira. A Chakhaza ndi anthu awo mwambo umenewu sankaudziwa, ndipo palibe anafunsa. Paja safunsa anadya phula. Iwo anangoona azungu ofatsa aja apenga, zipewa zikuuluka kudumpha galasi n'kumagwera pa ayezi.

Mayi Mathilda anaimirira pang'onopang'ono, maso ali tong'o.

"Aa! Kani amafupa kuno?"

Kwathu wovina akathyola dansi, woimba akakufika pamtima, suomba m'manja mokha ngati wamanja lende. Umatulutsa kangachepe n'kumuponyera, aliyense akuona. Ndiko kufupa, ndipo anthu awa anali atakhala ola lathunthu manja akuwayabwa.

"Koma umphawi wakenso!" anapitiriza mayi Mathilda. "Mwana wagoletsa katatu, n'kumufupa ndi chipewa chothaitha? Bambo Chakhaza, mwini chikho ndinu. Tsegulani!"

Maso onse anali pa iwo. A Chakhaza analingalira mwachangu, ndipo anaona kuti palibe lamulo limene akuswa. Mwana anati achite zimene makolo ena akuchita. Makolo ena akufupa. Iwo angochita mwaulemu wake, kuti azunguwa aone kuti mwana wapagolo uja ali ndi kwawo. Anasolola ndalama yapepala, naiponya mwaufumu. Ndalamayo inagunda galasi n'kubwerera, kudzatera pamutu pa mwana wa Boniface.

"Zapepala sizifika!" anakuwa Boniface. "Ponyani zansimbi chabe!"

A Chakhaza anapisa m'thumba, natapa makobidi odzaza dzanja, nawaponya m'mwamba ndi mphamvu za munthu wonyamula matayala. Anadumpha galasi bwinobwino. Basi, chitseko chinatseguka. Nthungululu ya mayi Mathilda imene inamangidwa kuyambira masana inaphulika mpaka denga kunjenjemera. Azimayi anakhuthula zikwama, azibambo anapisa m'matumba a majekete, wina anayambitsa nyimbo ya paukwati, ena n'kuyamba kutsika masitepe akuvina. Makobidi ankagwa pa ayezi kuti waa, ena n'kumagubuduka mpaka tsidya lina. Woimbira masewera analiza wezulo. Wa pachimkuzamawu anapempha kawiri konse kuti chonde anthu asiye kuponya zinthu, koma ndani akanamva pakati pa nthungululu?

"Nanga wathu wapagolo?" anakuwa mayi Mathilda. "Afupidwe nayenso!"

Mvula yachiwiri inalunjika kugolo kwa Sungeni.

A Chakhaza anali pakati pomwetulira pamene wina anawakoka jekete. Anali Natalie, akupuma mwawefuwefu, nkhope itayera.

"Overtone, auzeni asiye! Chonde asiye!"

Anawafotokozera mothamanga. Kobidi lochokera m'thumba limakhala lofunda, likagwa pa ayezi limamira pang'ono n'kumatirira. Nsapato za anawo pansi pake ndi mpeni. Mwana wothamanga akaponda kobidi amaima mwadzidzidzi n'kukamenyetsa mutu ku mpanda, ena amathyoka miyendo. Masewera sangapitirire mpaka kobidi lomaliza litachotsedwa. Ndipo popeza oponyawo ananyamula timbendera ta Brampton, komanso anachenjezedwa osamva, woimbira wapereka chilango ku timu ya a Sungeni: wosewera wawo mmodzi atuluke kwa mphindi ziwiri, atsale anayi kulimbana ndi asanu.

A Chakhaza anatembenukira anthu awo. Anakweza manja, nyimbo inazima ngati wathira madzi pamoto. Bwalo lonse linangoti zii, anthu mazanamazana atatembenukira kwa iwo. Anayang'ana kugolo. Sungeni anali atawafulatira, mutu atauika pa chitsulo cha golo.

Antchito awiri a pabwalo analowa ndi ndowa, nayamba kutokosa makobidi limodzilimodzi. Pa liwiro limenelo akanamaliza mawa. A Chakhaza anatsika masitepe, osayang'ana munthu, nakaima pa kachitseko kolowera pa ayezi.

"Bambo a Sungeni, nsapato zanuzo!" anakuwa a Kettie kumbuyo.

Sanamve. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anamuuza woimbira kuti iwo ndi amene aponya, iwo ndi amene atole. Woimbirayo anawayang'ana kuyambira kusuti mpaka kunsapato, nawatsegulira.

Phazi loyamba linayenda bwino. Lachiwiri linapita kwake. Mlendo wolemekezeka anauluka miyendo m'mwamba n'kugwa chagada kuti khu, moyang'anizana ndi dzina la shopu yake. Bwalo lonse linafa ndi phwete, ngakhale anthu awo omwe, Boniface ndiye mpaka kugwira m'mimba. Anayesa kudzuka, anagwanso. Kachitatu sanayesenso. Anagwada, natulutsa kiyi wa galimoto, nayamba kukwawa ndi maondo, akutokosa kobidi, kuika m'thumba, kukwawanso. Boniface atatha kuseka anachita manyazi, nayenso analowa chokwawa, kenako azibambo ena atatu a masuti awo. Kuseka kuja kunayamba kuchepa. Mayi wina wa ku Etobicoke anayamba kuwalozera pamene pali kobidi, ena n'kutengera, mpaka bwalo lonse linkakuwa kuti kumanzere, kumanja, kumbuyo kwanu.

Makobidi omaliza anali pagolo pa Sungeni. A Chakhaza anafika pamenepo zala zitachita dzanzi, buluku litanyowa mpaka m'ntchafu. Anatokosa limodzi pafupi ndi phazi la mwana wawo.

"Pepa, mwanawe," anatero chapansipansi.

Sungeni anangoyang'ana kumbali. Kuseri kwa chisoti chija nkhope yake sinkaoneka.

Atatuluka pa ayezi, a Chakhaza sanabwerere pampando wawo. Analibe nkhope yokakhalira pakati pa anthu. Anangoima kuseri kwa galasi, kumbuyo kwenikweni kwa golo la mwana wawo, akunjenjemera, ndipo wezulo inalira.

Mphindi ziwiri, abale, ndi nthawi yaitali. Atsikana asanu a ku Etobicoke anazinga golo, akupatsirana kaphale uku ndi uku. Woyamba anakamenya ali patali, Sungeni anakatchinga ndi mwendo, kanalira kuti phaa pa chotchingira. Wachiwiri anakamenya chapafupi, anakakankha ndi ndodo. Kanabwerera kwa wachitatu, Sungeni ali pansi kale, golo lili pululu mbali inayo. A Chakhaza anatseka diso limodzi. Mwanayo anadziponya thupi lonse chammbali, dzanja lamanzere lili m'mwamba, ndipo kaphale kanakathera m'gulovu mwake. Anadzuka, nakaponya kwa woimbira ngati palibe chachitika, nagwedeza mapewa, naweramanso kudikira ena.

Apa ndi pamene a Chakhaza anamuona mwana wawo koyamba. Ali pafupi chonchi ankamva mpweya wake, ankamumva akukalipira anzake, kuwauza poti aime, mawu aakulu amene kunyumba sanawamvepo. Kaphale kankamumenya pachifuwa ndi mphamvu yoti munthu wamkulu akanakhala pansi, iye osasunthika. Zaka zisanu ndi chimodzi mwana ameneyu wakhala akuchita zimenezi, iwo ali kumatayala. Anamva kunyada ndi chisoni nthawi imodzi, ndipo misozi inatsika osaipukuta. Pamene wosewera wachisanu uja ankabwerera pa ayezi, golo lili losagoletsedwa, munthu amene anakuwa kwambiri m'bwalo lonse anali bambo wa buluku lonyowa.

Nkhani ikanathera pamenepo bwenzi zili bwino. Koma ana a Brampton mphindi ziwiri zija zinawamaliza mphamvu. Kutatsala masekondi makumi anayi a ku Etobicoke anabweza, ndipo mu nthawi yowonjezera anagoletsanso. Chikho cha a Chakhaza chinapita ku Etobicoke.

Anayala kapeti pa ayezi, wa pachimkuzamawu naitana mwini shopu ya matayala amene wathandiza mpikisano wa chaka chino. Anthu anaomba m'manja, ena akusekabe. A Chakhaza anaveka opambana mamendulo agolide, kenako anafika pa mzere wa Brampton. Sungeni anali womaliza, chisoti atavula, maso ali psuu. Anaweramitsa mutu kuti amuveke mendulo yasiliva, monga anachitira anzake onse, nabwerera pamzere.

Gulu lija linabalalika mwakachetechete. Mayi Mathilda anapepesa kwa a Kettie katatu, koma potuluka anamveka akunena kuti komabe chipewa si chofupira munthu. A Kettie anakalowa m'galimoto kukayatsa chotenthetsera. A Chakhaza anatsala panja, ataima pambali pa galimotoyo, dzuwa la madzulo likuwala pa sinowo yosungunuka. Mumtima anali atagonja kale. Anabwera kudzadziwika ngati bambo a goloboyi, adziwika ngati munthu amene analuzitsa timu. Mwana amene ankatopa kunena kuti bambo ake ali kuntchito, lero anganene chiyani? Anaganiza zoti amusiye apite ndi Natalie monga mwa masiku onse, asamuwonjezere manyazi.

Patapita nthawi atsikana anayamba kutuluka, aliyense akukoka chikwama chachikulu ngati thumba la chimanga. Natalie anatsegula kumbuyo kwa galimoto yake, Angela naponyamo chake. Sungeni anafika pomwepo, anaima pang'ono, kenako anapitirira. Anakoka chikwama chake kudutsa magalimoto onse mpaka pamene panali bambo ake, nachigwetsa pa nsapato zosongoka zija.

"Ija ya gulovu munaiona?" anafunsa.

"Ndinaiona."

"Yonse?"

"Unali pansi kale, mwanawe. Golo linali pululu mbali inayo. Unadziponya chakumanzere, dzanja lili m'mwamba, kenako unadzuka ngati palibe chachitika. Ine ndinali kumbuyo kwako."

"Ndinakumvani. Munkakuwa zinthu zolakwika zokhazokha." Anapukuta mphuno ndi mkono wa jekete. "Ndakwiya nanube, adadi. Mwina mpaka Lachinayi."

"Ndi zomveka."

"Lachiwiri tili ndi zokonzekera, hafu pasiti faifi m'mawa. Mundiperekeza inu. Mukakhala pa benchi, ndipo m'matumba musakakhale kanthu."

A Chakhaza anangogwedeza mutu. Anawerama kunyamula chikwama chija, ndipo fungo limene linatuluka mmenemo, la thukuta la nyengo yonse yozizira, linawabweza m'mbuyo sitepe imodzi. Anachikoleka paphewa chomwecho.

Atsikana ena a timu ija anali ataima chapatali ndi makolo awo, akuyang'ana kuno, akunong'onezana. Sungeni anawaona. Anagwira bambo ake pamkono, pa suti yonyowa ija, nawatembenuza kuti ayang'ane gululo, nakuwa m'Chingelezi ndi mawu ake aja a pagolo, kuti pasapezeke wonena kuti sanamve.

"Anzanga! Awa ndi bambo anga. Eya, omwe aja a makobidi!"